Ana aloweza masitepe onse a kafukufuku koma sangayese kanthu paokha, tithandizane

ChokoChatha
Aphunzitsi anzanga, ndigawireni nzeru. Ndimaphunzitsa Fomu 1 pa CDSS ina yakumudzi. Ana amapitirira 80 m'kalasi imodzi, labu tilibe, zida zathu zonse zimakwana m'katoni imodzi imene imagona mu ofesi ya a hedi. Mutu wa scientific investigation ndinauphunzitsa, notsi analemba, ndipo ngakhale mutawadzutsa pakati pa usiku angakuimbireni masitepe onse kuyambira identifying a problem mpaka conclusion osalumpha. Ndiye ndinawafunsa funso losakhala m'notsi. Ndinati: amayi kunyumba akuti madzi a mumtsuko amazizira kuposa a m'ndowa ya pulasitiki, tingadziwe bwanji ngati n'zoona? Kalasi yonse zii. Wina anadzuka n'kuyamba kuimba masitepe aja. Wina anati n'zoona chifukwa amayi sanama.

Sindikufuna notsi zina, ndili nazo zambiri. Ndikufuna zinthu zoti ana agwire ndi manja, zotheka opanda labu ndiponso opanda ndalama. Inu mumatani?

Fiziki_Mbamba
Amene anati amayi sanama uja mumupatse malikisi. Ndi yekhayo amene anamva funso.

Sitandade8
Musatiyang'ane ife a ku pulayimale chonde. Mutu umenewu nafenso tili nawo mu Science and Technology, koma mwana akamakalemba mayeso amafunsidwa kuti atchule masitepe. Ndiye timaphunzitsa kutchula. Ana akalephera, makolo sadzafunsa ngati ankadziwa kuganiza.

GogoWaLabu
A ChokoChatha, yambani ndi pendulum. Zofunika zake ndi ulusi wosokera matumba, manati akale a njinga kapena timiyala, lula, msomali wokhoma pa mtanda wa denga, ndi foni yokhala ndi sitopuwotchi. Basi.

Chachikulu n'chakuti musawauze yankho. Mangani nati pa ulusi, ilendewere, muikankhe pang'ono, kenako funsani kuti n'chiyani chingaichititse kufulumira kapena kuchedwa. Ambiri adzati kulemera. Ena adzati mphamvu imene mwakankhira. Ochepa okha ndi amene adzatchule kutalika kwa ulusi. Aliyense alembe ganizo lake m'kope ndi bolopeni, osati pensulo, kuti asadzafufute akaona kuti zatembenuka. Hypothesis ndi imeneyo, ndipo aipanga okha musanalembe tanthauzo lake pa bolodi.

Ulusi wa mita imodzi, nati imodzi, awerenge maulendo 10 opita n'kubwerera. Adzapeza masekondi pafupifupi 20. Muwonjezere manati atatu, ulusi womwewo. Adzapezanso pafupifupi 20. Apa ndi pamene phokoso limabuka, wina amati foni yanama, wina amati mnzake wawerenga molakwa, n'kuyamba kupempha okha kuti tibwereze. Musawaletse. Mwana amene wapempha yekha kubwereza sadzafunikanso kuloweza chifukwa chake timabwereza. Kenako fupikitsani ulusi ufike masentimita 25, adzapeza masekondi pafupifupi 10.

Zochenjera nazo ziwiri. Manati owonjezerawo muwamange pamodzi m'mbalimbali, osati kulumikiza wina kunsi kwa mnzake, chifukwa mukatero mwatalikitsa pendulum osadziwa ndipo mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Chachiwiri, asamaikokere patali kwambiri poiyambitsa. Kuipatutsa pang'ono n'kokwanira.

ChokoChatha
Zikomo agogo. Koma foni ndi imodzi, yanga, ana 80, piriyodi mphindi 40. Gulu lililonse likamadikira foni belu lilira tisanafike ndi theka lomwe.

NaPhiri_Bio
Tembenuzani, achemwali. M'malo moyeza nthawi ya maulendo 10, yezani maulendo a m'masekondi 30. Foni ikhale kwa inu, mufuule kuti "yambani", magulu onse awerenge nthawi imodzi, mufuule "lekani". Gulu lililonse mulipatse ulusi wa kutalika kwake. A mita imodzi adzapeza maulendo pafupifupi 15, a masentimita 25 pafupifupi 30, ena onse adzagwera pakati.

Mukafuna kuti zikome, khomani misomali mzere umodzi pamwamba pa bolodi, mulembe manambala kuyambira 15 mpaka 30. Gulu lililonse likakoleke ulusi wake pa nambala imene lapeza. Manati aja amakhala mokhota okha, girafu yajambulika opanda pepala. Gulu limene lawerenga molakwa limaonekera lokha chifukwa ulusi wake umatuluka mumzere, ndipo anzawo ndi amene amawauza kuti akabwereze, osati inu.

Fiziki_Mbamba
Zokoma zonsezi, koma tiyeni tinene chilungamo. TALULAR, mfundo ija yoti tiziphunzitsa ndi zinthu zopezeka pafupi, yasanduka chowiringula. Ukadandaula kuti sukulu ilibe burette, chubu chagalasi choyezera madzi chokhala ndi kampopi, amakuyankha kuti gwiritsani ntchito zopezeka pafupi. Mwana wa Fomu 4 pa pulakitiko ya MSCE sakapeza botolo lodula, akapeza burette, pipette, ammeter, zinthu zimene akuzigwira koyamba tsiku la mayeso manja akunjenjemera. Mnzake wa ku sukulu ya boding'i wazigwira kuyambira Fomu 1. Tikamawombera m'manja ulusi ndi manati tikuthandiza akuluakulu kugona tulo.

Mphwanga_waTP
Apa a Mbamba mwalasa. Ine ndili pa teaching practice, otiyendera amafuna kuona TALULAR pa lesson plan iliyonse. Ena timangonyamula katoni ya zitsekerero za mabotolo kuti ioneke.

GogoWaLabu
A Mbamba, pa za burette sindikutsutsani. Kuwerenga meniscus, kupindika kwa pamwamba pa madzi m'chubu, kumafuna galasi lenileni, ndipo amene ali ndi udindo wogula agule. Koma funso la a ChokoChatha si limenelo. Kugwira chida ndi luso lina, kukonza kafukufuku ndi luso linanso. Ndinagwirapo ntchito pa sukulu ina yokhala ndi labu yodzaza, makabati okiya, ma beaker owala. Ana ankalowa, n'kupeza zonse zayalidwa, pepala likuwauza kuti thira ichi, werenga apa, lemba apo. Ankatuluka ndi yankho lolondola osadziwa funso linali chiyani. Mukanawafunsa za mtsuko akanakhalanso chete.

Amene munapitako ku maphunziro a SMASSE, osula aphunzitsi a masamu ndi sayansi a ku sekondale, mukukumbukira njira yophunzitsira ya ASEI-PDSI. Njira ija inayambira ku Kenya mu 1998 mothandizidwa ndi bungwe la ku Japan la JICA isanafike kuno. Ambiri tinagwira chilembo I chokha, improvisation, n'kusiya S, woti mwana ndiye akhale mwini ntchito. Mphunzitsi atha kupanga chida chokongola cha mabotolo n'kuchigwira yekha kutsogolo ana akungoonerera. Pamenepo palibe chasintha.

Fiziki_Mbamba
Ine ku SMASSE chimene ndinagwira ndi alawansi.

Sitandade8
Aliyense akudziwa kuti simunali nokha 😂

WaUlimi_kuDambo
Ndiloleni ndiponyepo ya ku Agriculture, chifukwa imakhudza chinthu chimene ana amakhulupirira ndi mtima wonse. Funsani kalasi kuti anankafumbwe amachokera kuti. Ambiri adzakuuzani kuti amabadwa m'chimanga momwemo, chimanga chikakhalitsa chimabereka chokha. Ndipo ali ndi umboni: amayi anamanga thumba bwinobwino, potsegula anapezamo anankafumbwe.

Mkangano wotere unaliponso ku Ulaya, wa mphutsi za m'nyama. Francesco Redi wa ku Italy mu 1668 anaika nyama m'mitsuko, ina yosatseka, ina yotseka, ina yophimba ndi kansalu kopyapyala kolowetsa mpweya koma kotchinga ntchentche. Mphutsi zinatuluka pa nyama imene ntchentche zinaterapo basi.

Ndi chimanga pali msampha, n'chifukwa chake ndimachikonda. Mukangotenga chimanga cha m'nkhokwe n'kutsekera m'botolo, anankafumbwe atha kutulukabe, ana n'kunena kuti mwaona aphunzitsi, chabereka. Chimachitika n'chakuti wamkazi amaboola njere, n'kuikira dzira mkati, n'kumata pobowola paja. Kamphutsi kamadya mkati mwa njere osaoneka, n'kudzatuluka katakula patapita masabata asanu kapena asanu ndi limodzi kukakhala kotentha. Nthawi zambiri chimanga chimachoka nawo kumunda komwe.

Ndiye mabotolo akhale atatu, njere zofanana kuchuluka, zochokera m'thumba limodzi. Loyamba chimanga mmene chilili, kukamwa kwake kansalu komanga ndi mphira. Lachiwiri chimanga chimene mwachitenthetsa m'chiwaya kuti mazira afe, kansalunso. Lachitatu chotenthetsa chomwecho koma losatseka, muliike pafupi ndi chimanga chofumbwa. Ana aziwerenga anankafumbwe Lolemba lililonse n'kulemba pa tchati. Imatenga teremu pafupifupi yonse koma siidya piriyodi, mphindi zisanu pa sabata zakwana. Pamapeto ndi pamene mumabweretsa nkhani ya matumba a PICS, chifukwa chake amapha tizilombo opanda mankhwala: mpweya ukatha mkati sitingakhale moyo.

NaPhiri_Bio
Akulu, mwana wochenjera adzakugwirani pa botolo lachiwiri. Adzati mwakazinga chimanga, mwachipha, chakufa sichingabereke. Muyankha chiyani?

WaUlimi_kuDambo
Anandigwira kale, mtsikana wina wa Fomu 2, mawu ake anali omwewo. Ndinabwezera funsolo ku kalasi kuti tingaphe bwanji mazira osapha njere. Yankho linachokera kwa mnyamata amene kwawo amagulitsa mafirizesi: kuika mufiriji. Chimanga chouma bwino mukachisunga mu freezer kwa sabata tizilombo timafa koma njere zimamerabe. Tinadzala njere zina zochokera mmenemo kuti onse aone kuti zili moyo. Botolo lachinayi linabadwa choncho. Tsiku limenelo ndi limene kalasi inamvetsa control, botolo loyerekezera nalo lija, ndipo sindinalembe tanthauzo lililonse.

KholoChabe
Pepani, ine si mphunzitsi, ndinalowa pagulu lino chifukwa cha mwana wanga wa Fomu 2. Ndingofunsa. Zinthu zimenezi sizichititsa ana mwano? Wanga anabwera kudzatsutsa agogo ake kuti mango aawisi sayambitsa malungo. Agogo anakwiya mpaka anakana nsima.

Fiziki_Mbamba
Mwanayo akunena zoona. Agogo adya mawa.

GogoWaLabu
A Mbamba, musayankhe kholo choncho. A KholoChabe, agogowo sanapeke nkhaniyo. Anaona chinthu chenicheni: mango akayamba, malungo nawonso amachuluka. Kuona kwawo n'kolondola. Pamene pavuta ndi pa chifukwa. Mango amabwera nthawi imene mvula ikuyamba, mvula imasiya zithaphwi, m'zithaphwi mumaswana udzudzu. Zinthu ziwiri zikuyendera limodzi chifukwa nyengo ndi imodzi, osati chifukwa china chabala chinzake. Ronald Ross anapeza tizilombo ta malungo m'mimba mwa udzudzu mu 1897 ali ku India, ndipo asanatero madokotala ophunzira a ku Ulaya ankati malungo amachokera ku mpweya woipa wa m'madambo. Nawonso anaona bwino kuti okhala pafupi ndi dambo amadwala kwambiri, n'kuphonya chifukwa chake.

Mwana wophunzitsidwa bwino akanafunsa agogo ake kuti nanga khanda loyamwa, limene silinalawepo mango, limadwala bwanji malungo? Limenelo ndi funso, si mwano. Ngati anangofika n'kunena kuti aphunzitsi akuti n'zabodza, ndiye kuti wangosintha womukhulupirira, kuchoka kwa agogo kupita kwa aphunzitsi.

KholoChabe
Anafika ndi "aphunzitsi akuti" yemweyo. Ndamva, zikomo.

Chidede_Chem
Za Chemistry palibe watchula. Litmus ikatha musalire, wiritsani chidede. Madzi ofiira aja ndi indicator yabwino. Mukadonthezamo mandimu, vinega, bwemba kapena madzi a malambe amafiira kowala. Mukathiramo soda, madzi a sopo kapena chidulo amada n'kupita kobiriwira. Mutha kuviikamo mapepala oyera, n'kuyanika, n'kudula timizere, gulu lililonse lipeze take.

Koma kungoonetsa mitundu ndi chionetsero chabe. Kafukufuku wake ndi uyu: phulusa liti limatulutsa chidulo champhamvu, la zitsononkho, la makoko a nyemba, kapena la nkhuni wamba? Amayi kumudzi ali nalo yankho lawo ndipo sagwirizana onse, choncho ana amabwera atagawanika kale. Ayeze phulusa lofanana, madzi ofanana, asefe pa nsalu yofanana. Atenge mamililita 10 a chidulo chilichonse, athiremo chidede chofanana, kenako awerenge madontho a mandimu mpaka kufiira kubwerere. Chofuna madontho ambiri ndicho champhamvu. A Mbamba, imeneyi ndi titration yopanda burette. Mwana amene wachita izi akadzagwira burette amadziwa kale chimene akufuna, chotsala n'kuzolowera kampopi.

Mandimu afinyidwe m'kapu imodzi kalasi yonse itunge mmenemo, chifukwa mandimu amasiyana kuwawasa. Ndipo chidulo chisagwere m'maso, chimawotcha.

Sitandade8
Thelele la soda silifika pa la chidulo, zimenezo sizifuna kafukufuku.

Mphwanga_waTP
Denje la chidulo cha zitsononkho ndiye mapeto. A m'tauni anaiwala.

NaPhiri_Bio
Ine ndinakulira pa soda ndipo ndili moyo. Koma mwati sizifuna kafukufuku? Phikani miphika iwiri, wolawa asadziwe kuti uwu ndi uti, tione ngati mungasiyanitse.

Sitandade8
Ndingasiyanitse nditatseka maso.

NaPhiri_Bio
Kutseka masoko ndiye tikufunako.

Admin_Gulu
Za ndiwo tikambe kumbali abale. A ChokoChatha akudikira zida.

Chidede_Chem
Poyezera mamililita gulani masirinji atsopano ku famase, muchotse singano musanalowe nawo m'kalasi. Musatole ogwiritsidwa kale ntchito kuchipatala, ngakhale wina atakuuzani kuti awatsuka. Sirinji ya mamililita 10 kapena 20 ndiyo mumayezera polemba mizere pa botolo la pulasitiki kuti likhale measuring cylinder. Thirani mamililita 20, lembani mzere, thiraninso, lembani. Ana achite okha, ndi phunziro palokha. Ayodini wa mabala wa ku famase komweko amagwira pa starch: dontho pa ufa, chinangwa kapena mbatata limada bii, pa shuga ayi. Ndipo amene mumachotsa kubiriwira kwa tsamba ndi spirit, musaike spirit pamoto. Wiritsani madzi, zimitsani moto, kenako muimike kabotolo ka spirit m'madzi otenthawo.

TichaWaData
Bwanji simukutchula PhET? Ndi ma simulation aulere a University of Colorado Boulder, anayambitsa ndi Carl Wieman mu 2002, yemwe analandira Nobel ya Physics mu 2001. Muli pendulum, ma circuit, pH, ma gas. Mumakopera kamodzi pa intaneti n'kumagwiritsa ntchito opanda data. Pa pendulum mutha kusintha kulemera, kutalika, ngakhale kuipititsa ku mwezi. Palinso phyphox ya ku RWTH Aachen, imene imasandutsa foni kukhala chida choyezera kugwedezeka ndi phokoso.

ChokoChatha
Achimwene, kuno foni timakatchajitsa pa trading centre. Laputopu imodzi ana 80 aona chiyani?

TichaWaData
Ndamva. Koma kwa inu mwini pokonzekera imathandiza, mumadziwiratu manambala amene ana akuyenera kuyandikira.

GogoWaLabu
Pokonzekera inde. Kwa ana ndimaikayikira ikakhala yoyamba. Pa kompyuta yankho limatuluka lofanana nthawi zonse. Ulusi weniweni umapota, mphepo imalowa pa windo, wowerenga amaphonya. Gulu lina lipeza 19, lina 21, ndiye pabuke funso lakuti tikhulupirire iti. Average imachokera pamenepo. Mwana amene sanaonepo manambala osagwirizana amaganiza kuti sayansi ndi kupeza nambala ya m'buku.

NaPhiri_Bio
Mawu omalizawo ndi amene amandipweteka. Ana athu amaphika results. Mukawapatsa za kumera kwa nyemba, botolo louma, lonyowa, lomizidwa, amalemba za m'buku asanayang'ane n'komwe. Ndipo sindiwaimba mlandu, ndi ana a alimi, amadziwa kuyambira ali aang'ono kuti mbewu youma siimera. Tikuwafunsa funso limene yankho lake ali nalo kale, n'kumati akufufuza.

Sinthani funso. Abweretse mbewu ya kwawo: ya chaka chino, yogonera, yofumbwa pang'ono. Njere 100 pa thumba lonyowa, mizere 10 ya njere 10, aphimbe, azithirira. Pakatha sabata awerenge zomera. Nambala imene apeza ndi peresenti yomweyo, masamu alowa okha. Yankho lake mulibe m'buku lililonse, inenso sindilidziwa, ndipo kunyumba likufunika chifukwa likunena ngati mbewuyo n'njodzala kapena ayi. Momwemonso ndi dothi: mchenga, katondo ndi makande m'mabotolo odula pakati, kansalu kukamwa, madzi ofanana, ayeze otsikira pansi. Koma dothilo akakumbe okha m'minda ya kwawo, osati inu kubwera nalo mutalemba kale mayina.

Pochonga, ine sindipereka malikisi pa yankho. Ndimayang'ana mizere inayi m'kope: ndikufuna kudziwa chiyani, ndisintha chiyani, ndiyeza chiyani, chimene sindisintha n'chiyani. Gulu limene lapeza zosiyana ndi anzawo n'kulemba moona, n'kufotokoza chimene akuganiza kuti chinachitika, limapeza zambiri kuposa limene lakopera zokongola. Akazindikira zimenezi kuphika kumachepa.

Mphwanga_waTP
Madamu, pokambirana m'magulu mumawalola Chichewa? Ife anatiuza English throughout.

NaPhiri_Bio
M'magulu akangane m'chilankhulo chimene angakanganemo. Polemba ndi popereka lipoti, Chingerezi, chifukwa mayeso ali m'Chingerezi. Mukaumiriza Chingerezi pa mkangano amalankhula ndi ana atatu omwe aja, ena onse amangogwedeza mitu.

Kasungu_Boy
Musaiwale William Kamkwamba wa kwathu kuno ku Wimbe. Anasiya sukulu chifukwa cha fizi nthawi ya njala ija, n'kupanga makina a mphepo opangira magetsi ndi zitsulo za njinga, mapaipi ndi mitengo ya bulugamu, nzeru zake atazitenga m'mabuku a mu laibulale yaing'ono. Labu analibe.

Fiziki_Mbamba
Kamkwamba ndimamulemekeza, koma dzina lake lisamatuluke nthawi iliyonse tikapempha zida. Iye ndi mmodzi. Ine ndili ndi ana mazana amene akufunika kukhoza pulakitiko chaka chino.

Kasungu_Boy
Sindinati musapemphe. Ndati laibulale inamuthandiza. Sukulu zingati zimene mabuku a sayansi ali m'katoni mu ofesi kuopa kuti ana awang'amba?

Sitandade8
Ine imene imandiyendera bwino ndi ya kandulo. Kandulo m'mbale ya madzi, kuvundikira ndi botolo, yazima, madzi akwera. Ana amaona ndi maso kuti oxygen ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a mpweya. Yotchipa, yachangu.

Fiziki_Mbamba
Imeneyo ndiye ayi. Madzi amakweradi, koma chifukwa chake si chimenecho. Yesani ndi makandulo atatu m'botolo lomwelo. Madzi adzakwera kuposa pa kandulo imodzi. Ndiye oxygen wachuluka chifukwa mwawonjezera makandulo? Yang'anitsitsaninso nthawi imene amakwera: moto ukuyaka amangosuntha pang'ono, ukangozima ndi pamene amathamanga. Chimachitika n'chakuti lawi limatenthetsa mpweya, umafutukuka, wina umathawa pamene mukuvundikira, nthawi zina mumaona ndi thovu lomwe kunsi kwa botolo. Moto ukazima wotsalawo umazizira n'kunyala, madzi n'kulowa. Komanso kandulo imazima oxygen asanathe, ndipo poyaka imatulutsa carbon dioxide amene amatenga malo ena. Oxygen ndi 21 peresenti ya mpweya, zimenezo n'zoona, koma kandulo si mboni yake.

Sitandade8
Koma ndi mmene tonse tinaphunzirira. Mukuti mabuku ananama?

Fiziki_Mbamba
Ndikuti gulani makandulo atatu.

GogoWaLabu
Lero ndagwirizana ndi a Mbamba, lembani tsiku. Ndipo a ChokoChatha, imeneyi ndi mphatso kwa inu. Malongosoledwe awiri a chinthu chimodzi: wina akuti oxygen watha, wina akuti mpweya watentha n'kuzizira. Funsani ana kuti ngati woyamba akunena zoona, makandulo atatu achita chiyani? Ngati ndi wachiwiri, achita chiyani? Alembe, kenako muyatse. Kafukufuku amene amasiyanitsa maganizo awiri ndi wosowa pa Fomu 1, ndipo uyu mtengo wake ndi paketi ya makandulo ndi machesi.

Wofuna gawo limodzi mwa asanu lija agwiritse sitiliwulo yotsukira mapoto. Muitsuke mu vinega pang'ono, muikanikizire pansi pa kabotolo kowongoka kopanda khosi, mukazondotse m'mbale ya madzi, musiye. Dzimbiri limadya oxygen pang'onopang'ono popanda kutentha kwa lawi, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri madzi amaima pafupi ndi gawo limodzi mwa asanu. Pambali pake muike kabotolo kena kopanda sitiliwulo.

ChokoChatha
Ndabwera ndi lipoti. Ndinachita ya pendulum monga ananenera a NaPhiri, magulu 16, misomali pa bolodi. Asanayambe, oposa theka analemba kuti cholemera chifulumira. Gulu lina linakana zotsatira zake zomwe, linati manati a njinga ndi opepuka kwambiri kuti kusiyana kuoneke, n'kukatola theka la njerwa. Ulusi unaduka. Anamanga ndi chingwe cha sisal n'kupeza nambala yosiyana pang'ono ndi anzawo, ndiye mkangano unali pa kuti kutalika ayezere pa mfundo kapena pakati pa njerwa. Belu linalira akukanganabe, a Geography anadikira pakhomo nkhope itakwinyika. Silabasi ndatsalira ndi piriyodi ziwiri, a Mbamba musaseke.

Ya mtsuko ija ndaiika sabata yamawa, thermometer ilipo imodzi m'katoni muja. Funso langa: ana atapeza kuti mtsuko ukuziziritsadi, ndiwauze za evaporation kapena pali njira yoti aipeze okha?

Chidede_Chem
Mitsuko iwiri yofanana, madzi ochokera pa mjigo umodzi, mthunzi umodzi, yonse yovundikira. Umodzi muukulunge bwinobwino ndi pepala la pulasitiki kunja kuti chinyezi chisauluke. Ayeze m'mawa ndi masana. Agwirenso kunja kwa wosakulunga uja amve kunyowa. Akafunsa kuti kunyowako kukupita kuti, mwafika.

WaUlimi_kuDambo
Mitsukoyo ikhale yoti imatuluka thukuta, ena amaikulungiza kwambiri kapena kuipaka penti ndipo siiziziritsa. Ndipo chitani kunja kusanayambe chinyezi cha mvula, mpweya ukakhala wouma ndi pamene kusiyana kumaoneka bwino.

Sitandade8
Makandulo ndagula. Atatu akweza madzi kuposa imodzi, ndaona ndekha kukhitchini. Koma pa mayeso likabwera funso la kandulo ana anga alemba za m'buku, zimenezo sindisintha.

Fiziki_Mbamba
Alembe za m'buku akhoze. Koma makandulo atatuwo muwayatsenso m'kalasi.

Sitandade8
Ndiyatsa. Sitiliwulo ija ikhale yochuluka bwanji, agogo? Kabotolo kanga ndi ka mankhwala a chifuwa.

GogoWaLabu
Ka chifuwa kali ndi khosi, kadzakusokonezani poyeza. Pezani kowongoka kuyambira pansi mpaka kukamwa, ngati tambula yopyapyala. Sitiliwulo ikhale yaikulu ngati chala chachikulu, muimasule isakhale yothinana kuti mpweya uzilowa pakati, ndipo muyeze ndi lula kuchokera pamene madzi anayambira.